Charles de Foucauld Woyera, Mbale wa Anthu a m'Chipululu cha Sahara

Pa 1 Disembala chaka ndi chaka, Eklezia amakumbukira wansembe wina wa ku France amene adakhala zaka 15 m'chipululu cha Sahara nafera komweko. Dzina lake ndi Charles de Foucauld. Woyesa moyo wake ndi muyeso umene anthu amayesera ntchito za mishoni angati munthuyu adavutika pachabe. Sadamange sukulu kapena chipatala, sadapeze mnzake ngakhale mmodzi wokhalitsa m'chipani chimene ankafuna kuyambitsa, ndipo mwa Atuareg amene adakhala nawo zaka 11 palibe amene adalowa Chikristu. Komabe pa 15 Meyi 2022 Papa Francis adamlemba m'gulu la oyera. Wofuna kumvetsa chifukwa chake ayenera kuyamba wadziwa dziko limene adasankha ndi eni ake a dzikolo, pakuti anthu amene iye adapita kukawathandiza ndiwo adamphunzitsa chimene chidamsowa.

Dziko la mchenga ndi eni ake

M'chipululu cha Sahara mvula imatha zaka osagwa. Munthu amayenda masiku ambiri pa ngamira osaona mtengo, koma mchenga, miyala ndi mapiri ouma okhaokha. Komabe mwa apo ndi apo madzi amatumphuka pansi, kapena amapezeka pafupi pokumba chitsime, ndipo pa malo otere pamamera nkhalango ya kanjedza wobala zipatso zotsekemera. Mumthunzi wa kanjedzayo anthu amabzala mikuyu ndi mitengo ina ya zipatso, ndipo pansi pake amafesa tirigu, barele ndi ndiwo zamasamba. Ku madera a Touat ndi Tidikelt makolo adakumba ngalande za pansi pa nthaka zotchedwa foggara, zoyenda makilomita angapo kutengera madzi ku minda. Madziwo amagawidwa ndi muyeso, banja lililonse gawo lake, chifukwa kumeneko munda wopanda madzi sauwerengera ngati chuma.

Eni nthaka a kumpoto konse kwa Afrika ndi anthu otchedwa Aberber, amene okha amadzitcha Imazighen. Adalipo Aroma asanafike, adaliponso pamene Aluya adabwera ndi Chisilamu m'zaka za m'ma 600. Afalikira kuyambira ku Siwa m'dziko la Egypt mpaka ku nyanja ya Atlantic, ena m'mapiri, ena m'midzi ya pa akasupe, ena oyendayenda ndi ziweto. Akristu sayenera kuwaona ngati achilendo, popeza Augustino Woyera adabadwira pakati pawo, ku Thagaste m'chaka cha 354, ndipo odziwa mbiri ambiri amati dzina la amayi ake, Monika, ndi la Chiberber.

Mwana wamasiye wolowerera

Charles adabadwira ku Strasbourg pa 15 Sepitembala 1858 m'banja lolemera ndi lomveka. M'chaka cha 1864 amayi ake ndi abambo ake adamwalira motsatana, ndipo iye ndi mlongo wake Marie adaleredwa ndi agogo awo akuchikazi, Colonel de Morlet, amene adawakonda mpaka kuwalekerera. Ali ndi zaka 16 zakubadwa Charles adataya chikhulupiriro. Mu 1876 adalowa sukulu ya usilikali ya Saint-Cyr, kenaka ya asilikali okwera akavalo ku Saumur, kumene adatsiriza ali wa 87 mwa ophunzira 87. Agogo ake atamwalira mu 1878 adalandira chuma chambiri, nayamba kuchimwaza pa maphwando, zakudya ndi akazi.

Gulu lake la nkhondo litatumizidwa ku Algeria, adatenga mkazi wosakwatirana naye, nakana kumchotsa pamene akuluakulu adamlamula. Motero mu 1881 adamuimitsa ntchito. Koma atamva kuti anzake ali pa nkhondo kumwera kwa Oran, adapempha kubwerera, ndipo onse adadabwa kuona kuti waulesi uja ngwopirira ludzu ndi njala, ngwosamala asilikali ake. Kumeneko ndiko adayamba kukonda chipululu. Mu 1882 adasiya usilikali mwa kufuna kwake, naphunzira Chiluya ndi Chihebri ku Algiers pokonzekera ulendo woopsa.

Ulendo wa ku Morocco

Masiku amenewo Mzungu wachikristu akagwidwa m'kati mwa dziko la Morocco ankatha kuphedwa. Tsono Charles adavala ngati mphunzitsi wa Ayuda waumphawi, natsagana ndi Myuda weniweni, Mardochée Aby Serour, wobadwira ku Akka. Kuyambira Juni 1883 mpaka Meyi 1884 adayenda makilomita pafupifupi 3,000, akulemba mobisa njira, mitsinje ndi mapiri m'kabuku kokwana m'dzanja ndi kachidutswa ka pensulo. Adaoloka mapiri a Atlas nafika ku midzi ya kanjedza ya kumwera, Tisint, Tata ndi Akka. Mu 1885 bungwe la odziwa za maiko la ku Paris lidampatsa mendulo ya golide, ndipo buku la ulendowo, lotchedwa Reconnaissance au Maroc, lidatuluka mu 1888.

Zinthu ziwiri zidamkhala mumtima pobwerera. Choyamba, moyo wake udapulumuka kangapo chifukwa cha Ayuda ndi Asilamu amene adamzindikira koma sadamuulule, monga Hadj Bou Rhim wa ku Tisint, amene adamsunga ndi kumperekeza. Chachiwiri, adaona anthu osauka akuimitsa ulendo pakati pa chipululu, nagwada kupembedza Mulungu osachita manyazi ndi munthu. Iye wophunzira, wobatizidwa, adalibe womgwadira.

Kubwerera kwa Mulungu

Ku Paris msuweni wake, Marie de Bondy, adamlandira mwachifundo osamlalikira. Charles adayamba kulowa m'matchalitchi, akupempha Mulungu kuti ngati alikodi adzionetse kwa iye. Kumapeto kwa Okutobala 1886 adapita kwa Bambo Huvelin ku tchalitchi cha Saint-Augustin kuti akafunse mafunso a chipembedzo. Wansembeyo sadatsutsane naye, koma adamuuza kuti agwade alape, kenaka adamtumiza kukalandira Ukaristia. Kuyambira tsiku limenelo Charles adatsimikiza kuti sangakhalenso moyo chifukwa cha china koma Mulungu yekha.

Chimene chidamgwira mtima ndi zaka zimene Ambuye Yesu adakhala ku Nazarete, mmisiri wosadziwika pakati pa anansi ake. Pofuna kutsanzira moyo umenewo, mu 1890 adalowa chipani cha amonke a Trappist, poyamba ku Notre-Dame des Neiges, kenaka ku Akbès, m'dera limene nthawi imeneyo linkatchedwa Syria. Mu 1897 adaloledwa kutuluka, nakakhala wantchito wa asisteri a Klara Woyera ku Nazarete, akugona m'kachisakasa ka m'munda. Pa 9 Juni 1901 adadzozedwa unsembe ku Viviers, ali ndi zaka 42, napempha kupita kwa anthu amene adalibe wansembe ndi mmodzi yemwe.

Khomo losatseka ku Beni Abbès

Dera la Sahara lidali m'manja mwa chipani cha White Fathers, chimene Kardinala Lavigerie adayambitsa ku Algiers mu 1868, chomwenso ansembe ake adafika kwa Mponda mu 1889 ndi ku Mua mu 1902. Mkulu wa deralo, Monsinyo Charles Guérin, adamlandira, ndipo pa 28 Okutobala 1901 Mbale Charles, monga ankafunira kutchedwa, adafika ku Beni Abbès, mudzi wa kanjedza pa mtsinje wa Saoura, m'mphepete mwa zitunda zazikulu za mchenga, pafupi ndi malire a Morocco. Adamanga kanyumba ka dothi ndi kachalitchi. Ankavala mkanjo woyera wokhala ndi mtima wofiira ndi mtanda pachifuwa.

Adabwera ndi malamulo a moyo wa chete amene adadzilembera yekha, koma anthu sadamlole kuwasunga. Aulendo, odwala, asilikali, amphawi ndi akapolo ankagogoda kuyambira m'mawa mpaka usiku, masiku ena kufikira anthu 100. Ukapolo udali ukadalipo, ndipo boma la Afalansa linkayang'ana kumbali poopa kukwiyitsa eni akapolo. Mbale Charles adaombola ochepa ndi ndalama zochokera kwa abale ake, mmodzi mwa iwo Paul Embarek, nalembera Monsinyo Guérin makalata amphamvu akuti ansembe alibe ufulu wokhala chete pa tchimo lotere. Pa zaka zonsezi iye ndiye adali wopatsa, ndipo ena onse adali olandira.

Pakati pa Atuareg

Kutali kumwera, m'mapiri a Hoggar, kumakhala Aberber oweta ngamira ndi mbuzi otchedwa Atuareg. Kwa iwo amuna ndiwo amaphimba nkhope ndi nsalu yotchedwa tagelmust, akazi ayi. Ufumu unkatsata kuchikazi, kotero kuti mwana wa mlongo wa mfumu ndiye adali ndi mbali pa mpando, monga zimakhalira kwa Achewa. Amati kholo lawo lidali mayi wotchedwa Tin Hinan, amene manda ake amawaloza ku Abalessa. Madzulo anyamata ndi atsikana ankasonkhana kumvera ndakatulo ndi imzad, choimbira cha chingwe chimodzi chonga kaligo, chimene amaliza ndi akazi okha. Adasunganso zilembo zakezake zamakedzana zotchedwa tifinagh, zimene amayi ankaphunzitsa ana polemba pa mchenga.

Pakati pa iwo ndi Azungu padali magazi. Mu 1876 ndi mu 1881 ansembe 6 a White Fathers adaphedwa m'chipululu ndi owaperekeza, ndipo mu 1902, pa nkhondo ya ku Tit, mfuti za Afalansa zidapha ankhondo ambiri a ku Hoggar. Mnzake wakale wa Charles, mkulu wa asilikali Henri Laperrine, adamuitana kuti ayende naye kumwera mu 1904. Chaka chotsatira mfumu ya Atuareg a ku Hoggar, Moussa ag Amastane, idamlola kukhala m'dziko lake. Mu Ogasiti 1905 adakhazikika ku Tamanrasset, kamudzi ka mabanja ngati 20 a alimi osauka, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000 kuchokera ku Algiers. Nyumba yake idali yotalika mamita 6, yosafika mamita 2 m'lifupi, ndipo momwemo mudali guwa, tebulo ndi pogona.

Anthu ankabwera kudzapempha singano, mankhwala ndi chakudya, koma ankamuona ngati mlendo wofika ndi ogonjetsa dziko lawo. Mu 1906 Paul Embarek adachoka. Malamulo a Eklezia a nthawi imeneyo sankalola wansembe kupereka nsembe ya Misa popanda womtumikira, motero Mbale Charles adakhala miyezi yambiri wopanda Misa, ngakhale pa Khirisimasi ya 1907.

Mkaka wa mbuzi

Mvula idali itatha chaka ndi miyezi osagwa, ndipo njala idakula ku Hoggar. Mbale Charles adagawira anthu tirigu ndi zipatso za kanjedza zimene adasunga, iye natsala ndi zosakwana. Mu Januwale 1908, ali ndi zaka 49, thupi lidakana. Adagona osatha kudzuka, akubanika, nayesa kuti imfa yafika. Adalibe mbale, adalibe Misa, adalibe chogawa, ndipo ntchito zake zonse zidali zosatha.

Pamenepo Atuareg adachita chimene iye sadachiyembekeze. Adayendayenda m'misasa yonse yapafupi kufunafuna mbuzi zimene zidali zikadali ndi timkaka pa chilala choopsacho, nabwera nawo kwa wodwalayo tsiku ndi tsiku mpaka adapeza mphamvu. Mkakawo udali wosowa ngakhale kwa ana awo omwe. Akuluakulu amati kupatsa nkuika. Koma apa padachitika choposa kubweza ngongole. Munthu amene ankangopatsa adasanduka wosowa, ndipo anthu amene ankangolandira adapeza mpata wokhala eni mudzi osamala mlendo wawo. Chibale chimene mphatso zake zidalephera kumanga chidamangidwa ndi kudwala kwake. Pa 31 Januwale chaka chomwecho uthenga udafika wakuti Roma wamlola kuchita Misa ali yekha.

Kuyambira pamenepo makalata ake adasintha. Adaleka kuwerengera za ubatizo wamsanga, nayamba kulemba kuti ntchito yake ndi ubwino ndi ubwenzi, kuti anthu poona wantchito aganize za ubwino wa Mbuye wake. Ankacheza nawo, kuseka nawo, kuwalangiza ndi kulandira malangizo awo. Adaphunzitsa amayi kuluka, ndipo mu 1913 adatenga mnyamata wachituareg, Ouksem, kukacheza kwa abale ake ku France.

Kusunga chinenero cha eni dziko

Umboni waukulu wa ulemu wake kwa Atuareg ndi ntchito imene adagwira pa chinenero chawo, Tamahaq. Poyamba ankafuna kabuku kakang'ono kothandiza amishoni ndi asilikali, ndipo mu 1904 adamasulira Mthenga Wabwino mofulumira. Katswiri wa zinenero za Aberber, Motylinski, atamchezera mu 1906, Charles adazindikira kuti chinenero sachiphunzira potembenuza mawu a kwanu, koma pomvetsera eni ake akulankhula zawo. Tsono mu 1907 adayenda m'misasa akulemba ndakatulo kuchokera pakamwa pa amayi ndi abambo, akulipira kandalama pa mzere uliwonse. Mwa alakatuli amene adawadziwa padali Dassine, mayi womveka m'Hoggar monse chifukwa cha nzeru ndi luso lake pa imzad.

Ndakatulozo zidali za chikondi, za nkhondo, za ngamira ndi za maulendo, ndipo zina zidali zonyoza Afalansa. Wansembeyo sadasankhe zomkomera. Adalemba monga adamvera, namasulira liwu ndi liwu, nafotokoza mwini ndakatulo ndi chimene chidamuimbitsa. Adasonkhanitsa mizere pafupifupi 6,000. Mothandizidwa ndi Ba Hammou, mlembi wa mfumu Moussa, ankakhala maola ambiri tsiku lililonse akufunsa tanthauzo la mawu, maina a zitsime, a mapiri, a zomera ndi a ziwalo za chishalo cha ngamira. Mu 1911 adakhala miyezi isanu pa phiri la Assekrem, lotalika mamita oposa 2,700, akupitiriza ntchito yomweyo m'kanyumba ka miyala mpaka kuzizira ndi kutopa zidamtsitsa.

Sadafune kuti dzina lake lioneke pa mabukuwo, ndipo loyamba lidatuluka mu 1908 m'dzina la Motylinski amene adali atamwalira. Ndakatulo zidasindikizidwa mu 1925 ndi 1930. Dikishonale yake yaikulu ya Chituareg ndi Chifalansa, ya masamba 2,028 olembedwa pamanja, idatuluka m'mabuku 4 mu 1951 ndi 1952, ndipo ophunzira zinenero za Aberber amaidalirabe mpaka lero.

Nkhondo ndi imfa

Sikoyenera kubisa kuti Mbale Charles adali mwana wa nthawi yake. Ankakhulupirira kuti ulamuliro wa France ungabweretse zabwino ku Sahara, ndipo ankalembera Laperrine ndi akulu ena a asilikali za zochitika m'dzikomo. Komanso ankadzudzula nkhanza ndi umbombo wa atsamunda, nachenjeza kuti akapitiriza kudyera anthu masuku pamutu adzapirikitsidwa. Algeria idalandira ufulu wake mu 1962.

Nkhondo yaikulu itayamba mu 1914, chipululu chidasokonezeka. Gulu la Asilamu la Senoussi lochokera ku Libya lidaukira Azungu, ndipo achifwamba adachuluka. Mbale Charles adakana kuthawa. Adamanga linga la dothi loti anthu a m'mudzi azithawiramo, nasamukiramo mu 1916. Mudali chakudya, mankhwala ndi mfuti zingapo zimene asilikali adasiya. Pa 28 Novembala adalemba kuti watsiriza ntchito ya ndakatulo.

Patapita masiku atatu, Lachisanu pa 1 Disembala 1916 madzulo, munthu wina womdziwa, El Madani, adaitana pakhomo ngati wabwera ndi makalata. Atatsegula, anthu a mfuti adamkokera kunja, nammanga manja kumbuyo, namgwadika pafupi ndi khoma, nayamba kufunkha za m'lingamo. Zikuoneka kuti ankafuna kumtenga wamoyo. Koma mwadzidzidzi padatulukira asilikali awiri okwera ngamira, mfuti zidalira, ndipo mnyamata wa zaka ngati 15 amene ankamlonda adachita mantha namuombera m'mutu. Adafa pomwepo ali ndi zaka 58, ndipo asilikali awiriwo, amene adali Asilamu, adaphedwanso. Paul Embarek, amene adali atabwerera ku Tamanrasset, adaona zonsezi. Patapita masabata atatu, mkulu wa asilikali adapeza Ukaristia uli mumchenga m'kati mwa linga. Mfumu Moussa ag Amastane, Msilamu wolimba, idalembera mlongo wa malemuyo kalata yachisoni yonena kuti idalira misozi pomva za imfa ya bwenzi lake.

Zimene zidamera pambuyo

Pa imfa yake, bungwe la mapemphero limene adayambitsa ku France lidali ndi anthu osafika 50. Mu 1921 René Bazin adalemba mbiri ya moyo wake, ndipo ambiri adaiwerenga. Mu 1929 mafupa ake adasamutsidwira ku El Goléa, mudzi wina wa kanjedza umene tsopano umatchedwa El Meniaa. Mu 1933 Bambo René Voillaume ndi anzake adayambitsa chipani cha Abale Aang'ono a Yesu ku El Abiodh Sidi Cheikh, ndipo mu 1939 Magdeleine Hutin adayambitsa cha Asisteri Aang'ono a Yesu ku Touggourt. Onsewa amakhala m'timagulu pakati pa anthu osauka, akugwira ntchito zomwe anansi awo amagwira. Papa Benedikito XVI adamtcha Wodala pa 13 Novembala 2005. Chinenero cha Aberber nacho, chimene chidanyozedwa zaka zambiri, chidavomerezedwa kukhala cha boma ku Morocco mu 2011 ndi ku Algeria mu 2016.

Inu amene mumatumidwa kwa anthu a mtundu wina, kaya ndinu wansembe, sisteri, mphunzitsi, namwino kapena mkamwini m'mudzi wa eni, lingalirani za munthu uyu. Kugawa zinthu nkosavuta kwa amene ali nazo, ndipo kumatha kubisa kunyada. Chovuta ndi kukhala pansi kuphunzira chinenero cha eni mudzi mpaka kumva nthabwala ndi madandaulo awo, ndi kulola kuti tsiku la kusowa kwanu akuthandizeni ndi zochepa zawo. Charles de Foucauld adafika ku Hoggar ali ndi zaka 46, wophunzira ndi wodziwika, koma adayamba kukhala mbale wa Atuareg pamene adamwa mkaka wa mbuzi zawo.

Charles de Foucauld Woyera, mutipempherere.